A Mbewe ndi mawu akuti moto

Mwezi uno patha chaka chiwaikireni m'manda a Sositeni Mbewe. Tinawaika ku Kimara, mu mzinda wa Dar es Salaam, kumene iwo sankafuna. Ankafuna kukagona kwawo ku Dedza, pafupi ndi mayi awo, ndipo ankazinena mosabisa kwa aliyense wofika pakhomo pawo. Chimene chinawatsekera njira ya kwawo anthu amachitchula mosiyana. Ena amati anali makani, ena amati chifundo chopyola muyezo. Ine amene ndinagona m'nyumba mwawo kambirimbiri ndimati chinali chidwi, ndipo chidwicho chinayambira pa mawu amodzi aafupi amene tonsefe timawatchula m'mawa uliwonse osawaganizira: moto.

Ndinawadziwa zaka zija boma la Tanzania linamasula malonda. Katundu anayamba kusefukira padoko, ndipo ife amayi a geni tinayamba kukwera malole kuchokera ku Malawi kudzagula zitenje kumsika wa Kariakoo. Tinkafikira kwa a Mbewe, ndipo akazi awo, a Nabanda, ankatiyalira mphasa m'chipinda cha ana. Tsiku loyamba ndinafika mapazi atatupa, msana ukuwawa, mtima uli pa madzi osamba basi. A Mbewe anandipatsa mpando pakhonde, n'kumandiyang'ana ngati ndawatengera mphatso.

"Kwanu n'kuti, mayi?"

"Ku Ntcheu, bambo."

"Ehee, Mngoni! Agogo anu moto ankautcha chiyani?"

"Moto."

"Basi?"

"Basi. Kodi ulipo wina?"

"Angoni akale ankati mlilo. Ndiye kuti inu wanuwo munautaya panjira, n'kudzapala wathu."

Anaseka okha mpaka kutsokomola. A Nabanda anasuzumira pakhomo nati, "Musiyeni mlendo asambe kaye, inu. Pole, pepa mwanangu, ndi matenda awo amenewa." Ndinapita kubafa ndikuganiza kuti mutu wa mkuluyo sukoka bwino.

Ntchito yawo inali yophika m'nyumba za alendo olemera ku Msasani, ndipo matendawa anawatengera kumeneko. Bwana wawo woyamba anali Mtaliyana wopanga misewu, amene anali ndi njinga yamoto imene ankaikonda kuposa mkazi wake. Tsiku lina a Mbewe anamumva akuisisita njingayo n'kumaitcha moto. Anafunsa, bwana anabwereza. Kwa zaka zambiri a Mbewe ankalalikira paliponse kuti Ataliyana anatibera mawu. Umboni unali poyera: ife timati njinga yamoto, iwo anangotaya njingayo n'kusunga moto. Amene anawagwetsa ulesi anali wansembe wina wokalamba wochokera ku Italy komweko. Anawafotokozera kuti kwawo mawuwo anachokera ku Chilatini, chilankhulo cha misa yakale, ndipo amanena za kuyenda, kusuntha kwa chinthu. Mulibe lawi, mulibe khala. A Nabanda amati tsiku limenelo bambo anabwera kunyumba ngati wochokera kumaliro, chakudya osachikhudza. Patapita masiku anadzuka m'mawa, anaphika keke, n'kupita nayo kwa wansembe uja.

Keke imeneyo sinali ya chabe. A Mbewe anali ndi malamulo awo awiri amene sankawaphwanya. Mawu ankawalandira pokhapokha atawamva m'kamwa mwa mwini chilankhulo, za ndinamva kwa uje ankazikana. Ndipo wowapatsa mawu ankayenera kudya chakudya cha manja awo, akadya n'kusanduka wa pakhomo. Ankati munthu wokuuza mawu a kwawo wakutsegulira chitseko cha nyumba ya mayi ake, ndiye sungatulukemo chimanjamanja ngati mbala.

Magalimoto ogwirapo kale ntchito a ku Japan atayamba kudzaza misewu ya Dar, a Mbewe anakalowa ntchito kwa banja lina la Chijapani. Dzina la bwanayo linkathera ndi moto. Anapirira miyezi ingapo, kuopa kuchotsedwa ntchito chifukwa cha mafunso, koma tsiku lina zinawakanika, anafunsa dona. Mayiyo Chiswahili chake sichinkakwana ngakhale kugulira tomato. Anawakokera kuseri kwa nyumba, anagwada, nagwira tsinde la papaya pamene limalowera m'nthaka. Moto. Tsinde, gwero, pamene chinthu chayambira. A Mbewe anafunsanso kuti nanga mawuwo anachokera kuti, mayiyo anangoseka atabisa kukamwa ndi dzanja. Zimenezi zinawasangalatsa kwa zaka zambiri, zoti mawu onena za chiyambi eni ake sadziwa chiyambi chake. Dona uja a Mbewe anamupititsira futali wa mbatata, ndipo akuti anadya mwaulemu kwambiri, pang'onopang'ono, ngati akumwa mankhwala.

Ine nkhanizi poyamba zinkanditopetsa. Ndinkabwerera geni ku Dar, osati sukulu. Tsiku lina ndinawafunsa ngati mawu amenewa amadyedwa. Anayankha kuti ayi, koma zitenje zanganso sizidyedwa, ndipo ndimaziyendera ulendo wotupitsa mapazi. Matenda aja ndi opatsirana. Sipanapite nthawi ndinapezeka ndikufunsa Mmwenye wa sitolo imene ndinkagulako nsalu, ndipo anandiuza kuti m'chilankhulo chawo cha Chigujarati moto ndi chinthu chachikulu, kapena munthu wamkulu. Ndinathamangira ku Kimara ndikuganiza kuti andiyamikira. Anamvetsera, anagwedeza mutu, nati, "Sindikukana, mayi, koma inu ndinu Mngoni." M'mawa mwake anakwera daladala, minibasi ya kumeneko, kukadzimvera okha. Anabwerako ali ndi nkhawa yatsopano: Mmwenyeyo potchula ankapinda lilime m'mwamba, ndiye kodi tiwawerenge ngati mawu omwewo kapena ena ongovala malaya ofanana? Funso limeneli sanalimalize mpaka imfa. Mmwenyeyo sankadya nyama, choncho anamukazingira mtedza.

Amene ankatsutsana nawo kwambiri pa nkhanizi anali bwenzi lawo la ponda apa nane mpondepo, a Chirwa, mkulu wa mpingo ndiponso wapampando wa bungwe la maliro la Amalawi okhazikika ku Dar. Ntchito yaikulu ya bungwelo inali imodzi. Membala akamwalira, linkagula bokosi kwa akalipentala a ku Keko, kukonza mapepala, n'kupeza lole yonyamula thupi kupita kumudzi. Popanda bungwe, ulendo wotero unali woposa mphamvu za banja la munthu wophika m'nyumba za eni. A Mbewe anali m'gulu la oyambitsa ndipo sanajombepo msonkhano. Kubwerera kumudzi ali moyo anali atakutaya mtima kalekale, poti munda analibenso, ana ndi adzukulu onse anali ku Dar. Ankati bungwelo ndilo tikiti yawo ya ku Dedza.

Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi awiriwa ankakangana pakhonde, makapu a tiyi ali m'manja. A Chirwa ankati nkhani ya zilankhulo inathera pa nsanja ya Babele, ndipo munthu wamkulu kumafufuzabe ndi kusowa chochita. A Mbewe za Babele ankazivomera. Koma ankati mbiya ikasweka mapale amagwera kwinakwake, ndipo si tchimo kufunsa kuti phale ili linagwera kuti. Ankalekana atakwezerana mawu, sabata yotsatira n'kuyambiranso pomwepo.

A Chirwa ndiwo anatsogola kumwalira. Nthawi imeneyo n'kuti awiriwa atatha zaka osapalana moto, osapatsana ngakhale moni pakhomo la tchalitchi. Komabe amene anafika m'mawa nkhuni zili paphewa, kudzakoleza moto wa pamaliro, anali a Mbewe. Bokosi litakwezedwa, anayenda pambuyo pa lole mpaka pa msewu waukulu wa Morogoro, nayima pamenepo chipewa chili m'manja kufikira lole itazimiririka. Ndinali pambali pawo. Analira ngati mwana, ndipo ndinadziwa kuti sakulira a Chirwa okha. Dzina lawo linali litachotsedwa kale m'bungwe, ndipo chimene chinalichotsetsa, n'kuwadanitsanso ndi mnzawo, chinali maliro a Ekofo.

Ekofo anali wa ku Zaire, woimba lipenga m'magulu a dansi. Magulu ambiri otere anali a makampani a boma, ndipo makampaniwo atayamba kugwa m'zaka zija, oimba anabalalika. Ekofo anatsala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa a Mbewe, wopanda mkazi, wopanda mapepala okhalira m'dziko, lipenga atagulitsa. Atafunsidwa funso lija anaseka, nati m'Chilingala, chilankhulo cha kwawo, muli moto atatu. Ukatchula mawu ali pansi, ndi munthu. Ukakweza kumapeto, ndi mutu. Ukakweza koyambirira, ndi moto wathu womwewu wootcha. A Mbewe anamubwerezetsa mpaka munthu anapempha madzi akumwa. Kenako anadziganizira okha kuti moto wonena munthuyo, poti akachuluka amati bato, ndi m'bale wa munthu ndi anthu athu, ndiponso wa mtu ndi watu wa Aswahili. Ankati taonani zodabwitsa, mawu a Mtaliyana ndi a Mjapani nkhope ndi yathu koma ubale palibe, pamene awa ovala zachilendo ndi a mimba imodzi nafe. Kuyambira pamenepo mbale ya Ekofo inkatuluka m'khitchini mwa a Nabanda tsiku lililonse, chifukwa mawu atatu sungawalipire ndi keke imodzi.

Ekofo anadwala matenda aja anthu ankaopa kuwatchula dzina. Anaonda, anatsokomola, anakamwalirira kuchipatala. Anzake oimba anaopa kukaonekera, poti nawonso mapepala analibe. Thupi losatengedwa ndi abale linkaikidwa ndi a mzinda pamodzi ndi ena osadziwika, popanda nyimbo, popanda wolira. A Mbewe anaganiza zokalitenga okha. Sabata imeneyo ndinali ku Dar, ndipo a Chirwa atabwera Loweruka masana ndinamva zonse ndi makutu anga.

"A Mbewe, musakanene kuti ndi m'bale wanu. Mukudziwa kuti pakati pathu pano ambiri mapepala awo ndi osalongosoka. A serikali, a boma la kuno, akabwera kudzafunsa za Mzaire, sadzathera pa Mzaire."

"Anadya m'nyumba muno, a Chirwa."

"Adya m'nyumba muno ndi angati? Mudzawaika onse?"

"Amene adzafere m'manja mwanga, inde."

"Bwana, ndikukuuzani ngati mnzanu. Komiti yakhala kale. Palibe wa bungwe adzaponde pano, ndipo mukatibweretsera mavuto dzina lanu tichotsa. Ku Dedza mudzapita wapansi."

Mawuwo anawalasa a Mbewe pamalo pomwe. A Chirwa atatuluka, a Mbewe anaitana akazi awo.

"Nabanda, nkhwangwa ija ili kuti?"

Kwathu maliro amalengezedwa ndi masamba oyala pamsewu ndi moto woyaka pabwalo. Mmalawi woleredwa bwino sadutsa pa masamba ngati sanawaone, ndipo pamoto wa maliro munthu amayamba wakhala, za kuti wakufayo ndi wa kuti amafunsa pambuyo. A Mbewe ankadziwa kuti komiti ikhoza kulamula amuna pamsonkhano, koma siingalamule zimene anthu anayamwira. Lamlungu m'mawa, thupi atalitenga kuchipatala, anadula nthambi za mango naziyala pa njira imene Amalawi a ku Kimara ankadzera pochokera ku tchalitchi. Pabwalo anakoleza zitsa zikuluzikulu. Inali nyengo yotentha, kutentha kwa ku Dar koti ngakhale nkhuku zimayasamula mumthunzi. Aswahili oyandikana nawo, amene pamaliro awo amakhoma tenti n'kumamwa khofi, anatuluka kudzaonerera mkulu wootha moto dzuwa lili paliwombo. Woyendetsa daladala wina ataona masamba anaima, poti kumeneko masamba pamsewu amanena kuti kutsogolo kwafa galimoto. Atapeza kuti galimoto kulibe, anatukwana n'kumapita.

Tchalitchi chitaweruka, oyamba kufika pa masamba anali amayi. Anaima, anayang'anana. Onse ankadziwa zimene komiti yagamula. Mayi wina wachikulire anamangitsa chitenje m'chiuno, nayamba kulira mokweza monga timachitira polowa pamaliro, enawo n'kumutsatira m'nyumba. Amuna anazungulirazungulira pamsewu, koma mwamuna angapite kuti mkazi wake akulira m'nyumba ya maliro? Mmodzimmodzi anadzakhala pamoto, masuti a ku tchalitchi ali m'thupi, thukuta lili kamukamu. A Chirwa anafika pomalizira. Anakhala pansi, anavula jekete, ndipo nthawi itakwana anaimirira kuti apemphere, atafunsa kaye monong'ona dzina la malemu. Kumanda anagwira fosholo ngati wina aliyense. Ekofo tinamuika ndi nyimbo za Chichewa zimene ali moyo sakanamva tanthauzo lake.

A Chirwa sananame. Patapita milungu anthu a boma anabwera kudzafunsa, ndipo mafunsowo sanathere pa Ekofo. Anyamata awiri a m'mabanja a Amalawi anabwezedwa ku malire, mmodzi kusiya mkazi ali woyembekezera. Komiti inakhalanso, dzina la a Mbewe linachotsedwa. Pambuyo pake, a Chirwa atamwalira, atsogoleri atsopano anati awabwezeramo ngati angaime pamsonkhano n'kuvomera kuti analakwa. Ku mabanja awiri aja a Mbewe anali atapita kale kukapepesa, atagwada. Koma kunena kuti kuika Ekofo kunali kulakwa, anakana. Ine mtima wanga pa nkhaniyi sunakhazikike mpaka lero. Ndikaganiza za Ekofo ndimati anachita bwino. Ndikakumbukira mtsikana wosiyidwa uja akugulitsa mandasi mimba ili kutsogolo, ndimawakwiyira.

M'zaka zawo zomaliza chidwi sichinazirale. Adzukulu awo Chichewa amangomva, kuyankha amayankha m'Chiswahili, ndipo izi zinkawapweteka. Ankadzitonthoza ponena kuti moto wokha anawo sangautaye, poti Mswahili nayenso amati moto. Dalaivala wina anawauza kuti anamva kwa wamalinyero padoko kuti ku zilumba zina za kutali kwambiri moto ndi mkondo. Imeneyo inali nkhani ya ndinamva kwa uje, ndiye sanailandire, koma inawasowetsa mtendere. Aliyense wopita cha kudoko ankamutuma kuti akawayang'anire munthu wa ku zilumbazo.

Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinawafunsa.

"Bambo, mukanadziwa kuti zidzatha chonchi, masamba aja mukanayalabe?"

"Ndinkadziwatu, mayi. A Chirwa anandiuza."

"Ndiye simudandaula?"

"Ndimadandaula tsiku lililonse. Ndikufuna kwathu ine, sindinama." Anapukuta m'maso ndi chala. "Koma tandiuzani, dzulo munali cha kumsika wa nsomba. Amalinyero aja simunawaoneko?"

Miyendo itayamba kukana, anasiya kuyendayenda. M'mawa ankatulutsa kampando kawo n'kukakhala m'mphepete mwa msewu wa Morogoro, pansi pa mtengo wina wa masamba aakulu, kudikira malole a nambala za ku Malawi. Madalaivala anawazolowera. Akafika pamenepo ankaliza hutala, iwo n'kukweza chipewa. Lole ikaima pang'ono ankafunsa ngati ikupitirira Lilongwe, ndipo ikakhala yotero ankati mukandiperekere moni pa Dedza. Sankatchula kuti kwa yani. Atamwalira, mwana wawo wamkulu, amene Chichewa chake n'chopunduka, anadula nthambi za mango nayala pa njira popanda womuuza, ndipo anthu anabwera ambiri. Lole ndiyo panalibe.

Ulendo wanga wapitawu ndinadutsa pamtengo paja ndili m'lole. Mtengo ulipo. Pansi pake dothi likadali lolimba, udzu sunamerepo bwino, ndipo mayi wogulitsa malalanje amayala katundu wake chapambali, malowo n'kuwasiya. Dalaivala analiza hutala mwachizolowezi, kenako anakumbukira, anachotsa dzanja msanga. Palibe anakweza chipewa. Patapita masiku tinadutsa pa Dedza, ine ndi dalaivala ndi mabelo anga a zitenje, ndipo kumbuyo kwa lole kunali malo okwanira bokosi.